Amene Anazula Pulagi

Pikine, Dakar
9 Juni

Diminga mkazi wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Ine ndili bwino, kupatula chifuwa cha fumbi chimene aliyense ali nacho kuno. Ndikhulupirira bondo lako lasiya kukuvuta. Akatekisiti, inu amene mukumuwerengera kalatayi, moninso, ndipo muwerenge monga ndalembera. Ulendo watha munadumpha mawu anga ena, ati ngoipa. Ine ndinalemba zimene ndinafuna kuti amve.

Ndamva zimene akulu a mudzi agamula. Akuti munda wa mpunga wa bambo anga wagona zaka ziwiri, ndiye likafika tsiku la Maria, pa 15 Ogasiti, usanalimidwe ndi dzanja langa, aupereka kwa Atabo. Sindikutsutsa. Munda sudikira munthu. Koma umuuze Atabo kuti kukhala mwana wa bambo anga aang'ono sikutanthauza kuti ndafa. Asayambe kunola khasu. Ndikubwera.

Chimene chandimanga kuno ukuchidziwa. Nyumba ya abwana anga, Adja Rokhaya, anaimanga padambo, ndipo nsalu zawo zonse zamalonda zili m'chipinda cha pansi pa nthaka. Dzinja likayamba, madzi amatuluka pansi ngati thukuta, amasonkhana m'dzenje la pakona, pampu nkumawaponya kungalande ya kumsewu. Magetsi akazima, pampuyo ndi ineyo ndi ndowa. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano.

Lolemba ndinawauza kuti chaka chino ndikupita kukalima. Anati, "Ampa, mvula ikamagwa kwanu ndi pamene imabweranso kuno. Iwe ndiwe pampu yanga yachiwiri. Ukachoka, nsalu zanga zisambire?"

Ndinati, "Adja, ndikupangirani pampu yachiwiri yeniyeni, yosadya mpunga ndiponso yosayankha mwano."

Anaseka mpaka kugwetsa mpango. Akuti ikagwira ntchito iwo akuona ndi maso, andilola miyezi iwiri, ntchito ndidzaipeza. Ntchitoyi sindikufuna kuitaya, ndi imene ikuphunzitsa ana. Mundanso sindiutaya. Ndigwira zonse ziwiri, uone.

Ndapatsira mayi wogulitsa mafuta a kanjedza uja, amene amayenda pakati pa kuno ndi kwathu, mafaranga zikwi khumi. Utenge kajendo wanga, khasu lalitali lija lili kudenga, upite nalo kwa wosula akaike chitsulo chatsopano kumlomo. Pita ukaone khoma lotchinga madzi amchere, makamaka pamene nkhanu zinaboola. Thunthu la mgwalangwa lotulutsira madzi ulitokose ndi nsungwi, lisatsekeke. Mvula yachitatu ikagwa, fesa nazale. Usadikire mawu anga pa zimenezo.

Ndine mwamuna wako,
Ampa Sambou

24 Juni

Diminga,

Moni. Mawu ako ndalandira, ndi botolo la mafuta lomwe. Zikomo. Ndili bwino. Wati mwana wathu Filomena akutsokomola. Usamumwetse za m'mabotolo a pamsika, pita naye kuchipatala cha asisitere.

Pampu yachiwiri ndaipeza. Ndi kakang'ono, ka asodzi kokapira madzi m'boti. Ndinakagula kudoko katafa, mafaranga zikwi zisanu ndi ziwiri. Nditakatsegula ndinapeza mchenga ndi ulusi wa ukonde basi. Anthu amataya zinthu chifukwa cha ulesi womasula masikuluwu anayi. Kamayenda ndi batire ya lole. Ndakapachika m'dzenje momwemo, chikhato chimodzi pamwamba pa yaikulu. Iliyonse ili ndi kampira kake koyandama: madzi akakwera, kampira kamakwera, pampu imadzuka. Yaikulu ikagona, madzi amafika pa kampira ka yaing'ono, iyo nkuyamba. Batireyo imamwa magetsi pa pulagi imodzi ndi pampu yaikulu, pamwamba pa masitepe, kuseri kwa chitseko cha kukhitchini. Ndi nzeru yomwe ija ya thunthu lachiwiri pakhoma la munda, lokwererapo pang'ono, limene bambo ankati ndi la tsiku loipa.

Koma pali ntchentche. Dzina lake Birane, mwana wa mchimwene wawo wa Adja, ali ndi pepala la zamagetsi lopachika m'galasi. Anabwera ndi nsapato zoyera, nkuima pa sitepe yomaliza kuopa kunyowa.

"Madala, izi munaphunzira kuti?"

"M'matope, kumene iwe sunafikeko."

"Kalumikizidwe aka nkosaloledwa."

"Madzi sadziwa kuwerenga pepala lako."

Ndinawonjezanso zina zimene akatekisiti sangawerenge. Iye akufuna azakhali ake agule injini ya magetsi kwa mnzake wina, ndipo ukudziwa chifukwa chake. Ndikudziwa udzati ndichepetse pakamwa. Pakamwa pomwepa sipanatulukepo bodza chibadwire. Munthu asankhe, amve zowawa kapena anamizidwe.

Amene amandiseketsa pano ndi Gnilane, mayi wophika uja. Mtundu wake ndi Mserere, osati Mjola ngati ife, ndiye ukudziwa kale mavuto ake. M'mawa uliwonse ndikamathira ndowa ziwiri m'dzenje kuyesa ngati timipira tikukwera, amaima pamasitepe manja m'chiuno.

"Kapolo wanga, wadzuka? Ajola inu! Anzanu akuchotsa madzi m'nyumba, inu mukuthiramo. Mukufuna mubzale mpunga m'nsalu za Adja?"

"Khala chete iwe. Mserere akaona mbale amaiwala dzina la bambo ake."

"Nanga iwe, mwana wa nkhanu, ukaona matope suiwala mkazi?"

Akanakhala wina ndikanamuponyera ndowa. Koma Mserere ndi msuwani wa Mjola, sakwiyiridwa. Bambo ankati wogwetsa misozi ya msuwani, mpunga wake umangobala mankhusu. Ndi wamasiye, ali ndi ana anayi kwawo, onse akudya m'manja mwake. Amandisungira nkhoko za mpunga wa nsomba, ati chakudya cha akapolo.

Khoma lija wakonza? Sunanene.

Ampa

13 Julayi

Diminga mkazi wanga,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Filomena chatha ndi kuti nazale yamera. Ine ndili bwino kwambiri, ndipo umve chifukwa chake.

Mvula yoyamba yagwa kuno, pansi payamba kutuluka madzi. Dzulo ndinaitana Adja, anatsikira kuchipinda chija atagwira mkanjo m'manja, Birane ali pambuyo nkhope ngati wamwa mandimu. Ndinati, "Birane, iwe wa pepala, kazimitse magetsi a nyumba yonse." Anakazimitsa. Ndinayamba kuthira ndowa. Yachisanu, zii. Yachisanu ndi chitatu, zii. Birane anayamba kumwetulira. Pa ndowa ya khumi ndi chimodzi kampira kanadzuka, kapampu kanangoti ng'ururu, motsitsa ngati mphaka, madzi nkuyamba kutsika.

Adja anati, "Kameneka? Sikakumvekanso nkomwe!"

Ndinati, "Ogwira ntchito salongolola, Adja." Ndinanena ndikuyang'ana Birane.

Gnilane ali pamasitepe anati, "Ndiye iwe sunagwirepo ntchito chibadwire."

Avomera. Akuti ndithandize pa Tabasiki, chikondwerero chawo cha nkhosa, popeza ine Mkhristu ndiye ndimakhala womasuka tsikulo, ndipo Lachisanu lotsatira ndinyamuke. Nkhosa zitatu zafika kale, zikudya makatoni pabwalo. Nyama idzakhala yambiri moti abwereka firiji yachiwiri kwa aneba.

Tsopano za Atabo. Wati anthu amuona akuyenda m'munda mwanga akuwerenga mapazi. Magazi anga awira. Ndani anamupatsa chilolezo choyeza munda wa munthu wamoyo? Usakangane naye wekha, ndi ntchito yanga imeneyo. Ungokhoma mtengo pakona ya kum'mawa, umangepo malaya anga akale ofiira aja, aziwaona akamadutsa.

Uchema, mowa wa kanjedza uja, usunge wa anthu asanu ndi atatu. Ndidzaitana gulu lolima la kwathu tsiku limodzi, masiku enawo ndidzalima ndekha.

Ampa

30 Julayi

Diminga,

Moni. Ndili moyo. Usadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, akatekisiti musavutike nazo, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja ndalimanga pang'ono. Si kanthu.

Lachisanu sindinanyamuke. Kuno kwachitika zinthu. Mvula inagwa Lachinayi masana. Zambiri ndidzanena mutu ukazizira, chifukwa ndikalemba lero pepala lipsa.

Usauze Atabo kuti ndachedwa. Akafunsa, unene kuti ndili m'njira. Ayi, usanene choncho, ndi bodza. Ungoti sunamve.

Mbande za ku nazale uzithirira zikafota. Malaya ofiira asachoke pamtengo.

Ampa

4 Ogasiti

Diminga mkazi wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Wati sukugona chilandirire kalata ija. Pepa. Dzanja likupola. Tamvera tsopano.

Lachinayi lija mvula inagwa kuyambira nthawi ya chakudya, yamphamvu, msewu wonse mtsinje. Ine ndinali pabwalo ndikumanga katundu wanga, mtima uli m'malo, chifukwa magetsi sanazime. Umvetse bwino pamenepa: magetsi anali kuyaka. Kenako Adja anakuwa. Nditathamangira kumasitepe ndinapeza madzi afika m'mawondo, mitolo ya nsalu ya pansi yonse yamira, utoto wofiira ndi wabuluu ukuyandama. Kuyang'ana kuseri kwa chitseko, pulagi ya pampu ikulendewera pakhoma. Wina anaizula.

Sanaizule tsiku limenelo. Batire ndinaipeza yaphwa, yopanda ndi kamoyo komwe. Ndiye kuti pampu yaikulu inagona kuyambira pa Tabasiki, kapampu kanga kakhala kakusenza madzi onse kokha masiku atatu, kopanda wokamwetsa magetsi, mwakachetechete, mpaka kanafa. Kachete kamene ndinkanyadira kaja ndi kamene kanabisa matenda. Ndipo apa pali mlandu wanga weniweni, sindiuthawa: masiku atatu amenewo sindinathire ndowa zanga ziwiri. Ndinali kuzungulira Dakar yense ndi miyendo ya nkhosa pamutu, kugawira abale a Adja, ndipo mumtima ndinkati ntchito ya manja anga sifuna mlonda.

Nsalu zoonongeka ndi mitolo khumi ndi inayi. Adja sakudya. Birane akungozungulira ngati khwangwala, akuti mawaya anga ndiwo anayambitsa, ndipo ndinazula dala kubisa. Akuti ngati ndi ine, nkhaniyi ndi ya apolisi. Ndinamugwira pakhosi pa malaya. Anatileretsa.

Adja atenga chiphaso changa, atsekera m'kabati. Akuti, "Pano sachoka munthu mpaka ndidziwe amene anazula." Popanda chiphaso sindingadutse malire a Gambia panjira ya kwathu, ukudziwa. Masiku atsala khumi ndi limodzi.

Diminga, ine ndikumudziwa amene anazula. Pa soketi panali chidindo cha chala cha mafuta a nkhosa. Ndinachiona ndisanaganize, ndipo ndinachipukuta ndi chala changa ndisanaganizenso. Firiji yobwereka ija inaima pafupi pomwepo, ndipo kukhitchini kuli soketi imodzi yokha, ya firiji yakale. Komanso kuyambira Lachinayi pali munthu wina amene wasiya kundinena kuti kapolo. M'mawa uno wandipatsa tiyi ndi manja awiri, nkunena kuti, "Mwadzuka bwanji, a Sambou?" Chibwerere kuno sindinatukwanidwepo moopsa chotero.

Mawu amodzi okha, mawa ndili pa basi, ntchito ikundidikira. Ndikudziwa zimene ukuganiza, ndipo nanenso ndaganiza zomwezo. Adja andifunsa kawiri, "Ampa, iwe sunama, ukudziwapo chiyani?" Kawiri konse ndayang'ana pansi ngati mwana wakuba shuga. Ine!

Usandiyankhe, yankho silingandipeze nthawi yake. Ungopemphera. Ndipo kajendo umuike pamthunzi, mpini usang'ambike.

Ampa

9 Ogasiti

Diminga,

Moni nonse. Ndili bwino. Kalatayi ikutsogola ndi mayi wa mafuta uja amene akunyamuka m'mawa uno. Ine ndikutsatira Lachisanu. Chiphaso chili m'thumba mwanga. Akatekisiti, zimene muwerenge apa zithere pakhonde pomwepo, ndipo muwerenge motsitsa.

Loweruka Gnilane anandipeza kuseri, kumene timayanika zovala. Anali atamanga kale kamtolo kake.

"A Sambou, ndikukauza Adja. Nyama inkayamba fungo. Ndinaona kachingwe kakuda kali pamenepo, ndinati ndibwereke mpaka mawa. Mawa lake ndinaiwala. Sindinadziwe kuti ndi moyo wa pampu."

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ndinafuna kunena mawu amene akanamusenda khungu. Ndinatsegula pakamwa, ndinaona maso ake adzaza, misozi yatsala pang'ono kugwa. Ndinakumbukira bambo. Munda ndingaupeze, koma ungandibalire chiyani?

Ndinati, "Pukuta msanga, isagwe. Ukufuna undiphere mpunga, mfiti ya Chiserere iwe? Masula mtolowo. Ukakanena, ana ako anayi akadya chiyani, pepala la Birane?"

"Nanga iwe?"

"Ine ndili ndi munda. Iwe uli ndi mphika wa eni. Komanso ndani anaika moyo wa nyumba yonse pa kachingwe kamene munthu aliyense angazule ndi zala ziwiri? Si iwe."

Lamulungu nditachoka ku Misa ndinalowa pabalaza. Adja anali pampando, Birane ali chiimire ndi makiyi a galimoto, wokonzeka kukatenga apolisi. Ndinati, "Adja, ndinazula ndine. Ndinkafuna kutsuka dzenje pa tsiku la Tabasiki, munandituma nyama, ndinaiwala kubwezera."

Kani bodza limatuluka movuta chotere? Anthu ena amalitha bwanji tsiku ndi tsiku?

Birane analumpha. "Mwamva, azakhali! Ndinanena ine!"

Adja anati, "Khala pansi, Birane." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kuchitseko cha kukhitchini, kumene mbale zinali zitasiya kulira. Anandiyang'ananso. Anati, "Zaka zisanu ndi chimodzi sunandinamizepo, Ampa. Ndiye lero ndilibe njira ina, ndikukhulupirira." Anatsegula kabati, anaika chiphaso patebulo. "Apolisi ayi. Koma munthu amene wandimizira mitolo khumi ndi inayi sindingamusunge, anthu angandiseke. Ukapita, wapita."

Ndiye ntchito yatha, Diminga. Ndinati ndigwira zonse ziwiri, ndagwira chimodzi. Za sukulu ya ana tidzakhala pansi tikambirane, usayambe kulira pano.

Ndinapempha masiku awiri kuti ndisasiye nyansi m'mbuyo. Pulagi ija ndaidula ndi kuitaya kungalande. Waya ndaulowetsa m'khoma mwenimweni, wofuna kuzula agwetse nyumba. Batire ndaidzazitsa kwa amakanika. Ndipo ndagula hutala ya lole yakale nkuilumikiza ku kapampu kaja, kuti kakangodzuka, dera lonse lidziwe kuti yaikulu yagona. Poyesa, nkhuku za aneba zinaulukira padenga. Adja anatseka makutu nkunena kuti, "Tsopano kafanana ndi mwini wake."

Masikuluwu anamanga ndi Gnilane, ine ndikuloza. Ndamuphunzitsa ndowa ziwiri m'mawa uliwonse, ngakhale pa Tabasiki, ngakhale pa maliro. Ndamuonetsa kupukuta timipira ndi kuchotsa ulusi pa sefa, magetsi atazimitsa kaye. Pomaliza anadzipukuta manja nkunena kuti, "Kapolo wanga, pita ukandilimire. Mpunga woyamba ndi wa mbuye wako, usaiwale." Apo ndiye mtima wanga unakhala pansi.

Tsopano za dzanja, udziwiretu usanalione, usadzakuwe pamaso pa anthu. Tsiku la madzi lija pampu yaikulu inatsamwa ndi ulusi wa nsalu. Ndinachotsa sefa, ndinalowetsa dzanja kuti nditokose. Birane, poona pulagi ikulendewera, anaibwezera osafunsa. Zala ziwiri, chaching'ono ndi chinzake, zinatsala m'dzenje la Adja. Sanachite dala, zimenezo ndinena ngakhale ndimadana naye. Ndi chifukwa chake masikuluwu anamanga ndi wina.

Akatekisiti, bodza lija ndidzakaulula ndekha kwa ansembe, musanditsogolere.

Ndikafika Loweruka madzulo ngati pa mtsinje wa Gambia sipakhala mzere wautali. Uitane gulu lija Lolemba, pa 14, tambala akangolira. Uchema ukhalepo. Mzere woyamba ndidzatembenuza ndekha akulu akuona, kajendo amatsamira pa bondo, sasowa zala zonse. Atabo akayamba zoti munthu wolumala sangasunge munda, umuuze abwere adzanene pamaso panga. Akulu anati ulimidwe ndi dzanja langa. Sanatchule kuti la zala zingati.

Ndine mwamuna wako,
Ampa Sambou